Kalongonda wa a Bonifasio

Thandizo ankaponda dothi, koma maso ake anali pa Easter, kamwana kake kakakazi, kamene kankazungulirazungulira pafupi ndi dzenje la madzi. Linali Loweruka, tsiku limene amayi angapo a pa Mbombwe ankakumana kuseri kwa nyumba ya a Miriam kuumba mbaula zadothi. Sankaumba kuti agulitse ayi. Ankangokonda kuumbako, kupikisana kuti ya ndani ituluke m'moto yosang'aluka, komanso kucheza.

"Easter, choka pamenepo! Bwera kuno!"

"Amake Easter, tamsiyani mwanayo," anatero a Miriam, omwe anali aakulu pagululo, uku akusalaza mbaula yawo ndi chitsononkho. "Timadzi timeneto ngakhale bakha sangasambemo. Inu mantha ngati thadzi loswa koyamba."

Thandizo anaseka pang'ono, komabe anapita kukamukoka mwanayo n'kumukhazika pamkeka.

Ruqaiya, mayi wachiyao wogulitsa mandasi pamsika, anali atabwera ndi madandaulo ake. Anapanga uvuni wa mgolo, anaumata bwinobwino ndi njerwa, koma zigumu zinkatuluka zopserera pansi, pamwamba zili phala.

"Amuna anga akuti ndizigulitsa ngati makala," anatero.

"Munathira mchenga pansi pa mgolowo?" anafunsa a Miriam.

"Mchenga? Ndikuphika kapena ndikumanga?"

"Ndiye mukulira chiyani? Thirani mchenga wa kumtsinje, moto uzifika mofatsa. Ine wanga uja dzana ndinawotchamo nkhono, zinachita kuti see, ngati chiwindi."

Ruqaiya anataya dothi lomwe linali m'manja mwake. "Nkhono! Mulungu andikhululukire. Inu Alomwe, chilichonse chokwawa ndi ndiwo. Tsiku lina mudzandikazinga ndikamakwawa kufuna singano."

"Inu mafupa okhaokha, mungatithere mafuta," anatero a Miriam. "Nanga amene amaima kumpanda kununkhiza ndikamaotcha mbewa ndani?"

"Ndimakhala ndikukupemphererani!"

Onse anaseka mpaka Easter naye anayamba kuomba m'manja osadziwa chomwe akusekera. Nkhani inayenda, kuchoka pa nkhono kupita pa mafulufute, kenako bowa wa m'chulu, kenako khola la akalulu la a Miriam limene agalu analiboola. Thandizo ankangoponyapo mawu apa ndi apo. Ankakonda Loweruka chifukwa ndi tsiku lokhalo limene mtima wake unkasiya kuthamanga.

"Zonsezo ndingakhululuke," anatero Ruqaiya, "koma kalongonda yekha ayi. Nyemba zanji zoti ukalakwitsa kuphika banja lonse livina popanda ng'oma?"

"Kalongonda safuna waulesi," anatero a Miriam. "Uwiritse, utaye madzi, usende, uwiritsenso, utayenso, mpaka dzuwa lipendeke. Ukangofupikitsa, dziko limazungulira." Anasiya kaye, n'kuviika chitsononkho chawo m'madzi. Pamene ankapitiriza sanayang'ane aliyense. "Lachinayi ndinali ku Nchema kofuna nandolo. Kuli mdala wina, mtengo wake wa mango wachita kuwerama ndi kalongonda. Ndiye poti wophika palibe, akumadziphikira yekha. Anansi akuti sabata yatha anagona pakhonde tsiku lonse, kumangosanza, akulankhula ndi akazi awo amene anamwalira. Koma atadzuka akuti adzaphikanso."

Mapazi a Thandizo anaima m'dothi.

"Mdala wake uti?" anafunsa Ruqaiya.

"A Bonifasio," anatero a Miriam. "Aja ankaimba kwaya ku Nguludi."

Ruqaiya anacheukira kwa Thandizo. Aliyense pa Mbombwe ankadziwa kuti a Bonifasio ndi bambo ake a Thandizo. Ankadziwanso kuti chikwatiwire Thandizo ndi Calvin, mnyamata wakabaza wa mpingo wina wa pa Mbombwe pomwepo, mdalayo sanalankhulenso naye. Anamuuza pamaso pa ankhoswe kuti mwana amene anamubatiza ku Nguludi, n'kumulipirira sukulu mpaka folomu folo, akatuluka mu Katolika ndiye kuti watulukanso m'nyumba mwawo. Kuukwati sanabwere. Pamaliro a mayi ake, Thandizo anagwada kuti awapepese, iwo anangoyang'ana kumbali. Easter sanamunyamulepo.

Kalongonda uja anadzala ndi mayi ake. Thandizo ankaukumbukira mtengowo, ndi fungo la madzi akuda otayidwa, ndi zala za mayi ake zothimbirira chifukwa chosenda. Ali ku sekondale ankachita manyazi anzake akamanena kuti kwawo amadya nyemba za misala. Tsopano malovu anadzadza m'kamwa mwake, ndipo anazindikira kuti akulira pamene Ruqaiya anamupatsa nsonga ya chitenje.

"Ine sindinanene kanthu," anatero a Miriam. "Ndimangokamba za zakudya."

Madzulo ake anamuuza Calvin. Iye anamaliza kupopa tayala la njinga yake, kenako anati, "Lolemba ndikuperekeza. Ine ndikatsala panjira, dzuwa likamalowa ndidzabwera kudzaliza belu. Akakuthamangitsa, nyumba ilipo kuno."

Lolemba kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kamene kamabisa phiri la Chiradzulu. Thandizo anamuveka Easter majuzi awiri ndi chipewa, n'kumubereka, ndipo njira yonse ankangofunsa Calvin ngati mabuleki ali bwino. Atafika pamphambano ya kwawo anatsika. Anakwera wapansi kanjira kopita kunyumba.

Anawapeza bambo ake atakhala pakhonde, akukhoma mpini wa khasu. Anali ataonda, jekete likuchita kulendewera m'mapewa. Thandizo anagwada chapatali.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

A Bonifasio anapitiriza kukhoma.

Thandizo anadikira. Anali atakonza mawu ambiri panjinga paja, koma onse anathawa. Anadzuka, n'kutenga dengu lomwe linali pakhomo la khitchini, n'kulunjika kumtengo wa mango. Kalongonda anali atakulunga nthambi zonse, makoko onenepa akulendewera ngati zala. Anathyola mpaka dengu linadzadza. Mphika waukulu wa mayi ake anaupeza pomwe unkakhala kale, koma m'kati munali mutaumira zotsalira zakuda. Anautsuka, anatunga madzi, anasonkha moto.

"Wakutuma ndani?" Awa anali mawu oyamba a bambo ake.

"Palibe, ababa."

"Nkhuni zimenezo ndi zanga."

"Ndikudziwa, ababa."

Thandizo anatereka mphikawo msangamsanga. Mlomwe aliyense amadziwa kuti kalongonda akangolowa pamoto sasiyidwa panjira. Wophikayo amayenera kukhalapo mpaka kumapeto, apo ayi zonse zitayidwe. Ndipo bambo ake sanali munthu wotaya chakudya chimene akazi awo anadzala. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku mpini wawo.

Madzi oyamba anada bii. Thandizo anayang'ana uku ndi uku kufuna potayira pomwe nkhuku sizingamwe. Analunjika kudzala la zinyalala.

"Mayi ako ankataya kuseri kwa nthochi," anatero a Bonifasio, ngati akulankhula ndi khasu. "Kuli dzenje."

Anakataya kuseri kwa nthochi, n'kukwirira ndi dothi.

Kusenda kunatenga m'mawa wonse. Easter anatopa kumbuyo, anayamba kulira ndi kumenya miyendo mpaka Thandizo anamutsitsa. Apa m'pamene mtima wake unagawika patatu: pamoto, pamwana, ndi pakhonde. Kamwanako kanathamangitsa nkhuku, kanatola mango aang'ono ogwa, kenako kanakaima patsogolo pa mdala uja n'kumamuyang'anitsitsa chala chili m'kamwa.

"Easter, bwera kuno. Usawasowetse mtendere."

A Bonifasio sanamuthamangitse, komanso sanamuitane. Anangosuntha nsompho yawo n'kuiika kumbuyo.

Thandizo anatereka kachiwiri, anataya, anaterekanso. Utsi unkamuwawa m'maso. Ankayesetsa kukumbukira mmene mayi ake ankadziwira kuti poizoni watha. Kodi ankaona mtundu wa madzi? Kodi ankanunkhiza? Nthawi imeneyo iye ankakhala pakhonde ndi mabuku, kumbuyo atalozetsa kukhitchini. Analakalaka mayi ake atangotulukira kuchokera kudimba, chitenje chili m'chiuno, n'kumulanda chipande akumunyoza kuti sukulu yamuphera manja. Koma kudimba kunali zii, kunkangomveka madontho akugwa m'masamba a nthochi.

Masana, atatayanso madzi a mumphika, otunga aja anatha, ndipo anayenera kupita kumjigo. Anafuna kubereka Easter, koma ndowa inali yaikulu ndipo njira inali yoterera. Anamusiya atakhala pachiguduli ndi mbatata m'manja, nyemba zosenda zili m'lichero pamwamba pa mtondo. Anapita chothamanga. Pobwerera, asanakhote n'komwe pangodya ya nyumba, anamva mawu a bambo ake.

"Iwe! Lavula! Lavula msanga!"

Ndowa inagwa. Anapeza lichero lili pansi, nyemba zili mbwee, ndipo a Bonifasio atagwada m'matope, atamugwira Easter pachibwano, chala chawo chili m'kamwa mwake. Anatulutsa nyemba imodzi yosatafunidwa n'kuiponya kutali. Easter anayamba kukuwa.

"Wameza? Ababa, wameza?"

"Sanameze. Ndinamuona akutola." Anamutsegulanso pakamwa, anayang'ana m'masaya monse. "Mwana samusiya ndi zinthu zimenezi. Sukulu yonse ija?"

"Pepani, ababa."

Thandizo anatambasula manja kuti amutenge, koma Easter anali atakwirira kale nkhope yake m'jekete la mdala uja, akulirira momwemo. A Bonifasio anakhala ngati sakudziwa chochita. Kenako anadzuka naye pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kukakhala naye pakhonde.

"Dzina lake ndani?" anafunsa patapita nthawi.

Thandizo ankadziwa kuti akulidziwa, popeza analimva tsiku lonse. "Easter."

"Anabadwa pa Pasaka?"

"Eya, ababa."

Thandizo anatola nyembazo, anazitsuka, anakatunganso madzi. Pobwera anamva bambo ake akung'ung'udza nyimbo ina ya kwaya chapansipansi, mwanayo atagona pachifuwa pawo. Atamuona anasiya.

Dzuwa litapendeka chiperoni chinayamba kuyera, ndipo madzi a mumphika nawo anayera. Thandizo anatayabe n'kuwiritsanso kena, chifukwa cha mantha. Kenako anathira mchere, anatenga nyemba imodzi, anaitafuna. Inali yofewa, yonona, yopanda kuwawa kulikonse. Inali ngati ya mayi ake. Anadya zingapo, n'kukhala pamtondo kudikira ngati dziko lizungulire. Silinazungulire.

Anapakula m'mbale, anatenga madzi osamba m'manja, anakagwada pakhonde. A Bonifasio anasamba ndi dzanja limodzi, linalo litagwira Easter yemwe anali atadzuka. Anatola nyemba, anatafuna pang'onopang'ono maso ali kumtengo wa mango. Anatolanso ina. Thandizo ankayang'ana pakhosi pawo, kudikira mawu.

Belu la njinga linalira kumphambano.

Thandizo anacheukira kunjira. Ntchito inali itatha, mphika unali utatsika pamoto, ndipo panalibenso chomusunga pakhomopo. Anayang'ana khitchini, nthochi, chitseko cha chipinda chimene ankagona ali mtsikana. Belu linaliranso.

"Ababa, ine ndizipita. Wotsalayo ndavundikira, mawa mungotenthetsa."

A Bonifasio anatafuna, anameza, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Sanapse," anatero.

"Ababa?"

"Kalongonda ameneyu sanapse. Akufunika madzi ena mawa m'mawa. Ukufuna undiphe?"

Thandizo anatsegula pakamwa kuti anene kuti walawa yekha, kuti madzi anachita kuyera mbee. Koma anaona bambo ake akusankha nyemba yofewa m'mbalemo, akuiphwanya ndi zala, akuiuzira, n'kuiika m'kamwa mwa Easter. Kamwanako kanatafuna, kanatambasula dzanja kufuna ina.

"Kamuuze wanjingayo abwere mawa," anatero a Bonifasio osamuyang'ana. "Ndipo pobwera utole nkhuni. Wandithera zonse."

Thandizo anadzuka. Anatsika kanjira kopita kumphambano yekha, kumsana kuli kopepuka, ndipo sanacheuke kuti aone ngati mwana ali bwino.