Matebulo a Bambo Mtonga

Kompyuta inafika ku Lundazi mu Ogasiti 1988, itakulungidwa m'mabulangete kumbuyo kwa galimoto ya pulojekiti yogawa mbewu. Anaiika m'chipinda chosungiramo masikelo, chifukwa ndimo mokha momwe denga silinkadontha. Mu ofesimo munali anthu atatu: Bambo Haswell Mtonga, omwe anali akulu a ofesi, Petronella Zimba wotayipa makalata, ndi Eston Kumwenda, kalaliki woyang'anira galimoto ndi mafuta.

Mlangizi wochokera ku Lusaka anawatsegulira mayina atatu m'makinamo: MTONGA, ZIMBA ndi KUMWENDA. Anafotokoza kuti dzina lililonse lili ndi bwalo lake, limene iye ankalitcha sikima. Munthu akalowa ndi dzina lake n'kupanga tebulo, ndiko kuti mizere ya mayina ndi manambala, tebulolo limakhala m'bwalo lake ndipo mwini wake ndi iyeyo. Mwini yekha ndiye angalisinthe kapangidwe, kulifufuta kapena kulola anzake kuti alione ndi kulembamo. Mnzake wololedwayo amaliitana potchula mwini wake poyamba.

Mlangizi atachoka, Bambo Mtonga anakonza nkhaniyo monga momwe boma linkakonzera nkhani zonse. Anatembenukira kwa Petronella.

"A Nyazimba, kalata mukatayipa imatuluka m'dzina la ndani?"

"Lanu, bwana."

"Ndiye basi. Nchito ya ofesi ituluke m'dzina la ofesi."

Anamuuza Petronella mawu achinsinsi a dzina lawo. Iye sanaone chachilendo. Anali atatayipa makalata zaka zambiri osasainapo n'imodzi yomwe, ndipo kuika dzina lake patsogolo pa la munthu wamkulu kukanamuchititsa manyazi. Bambo Mtonga sanamuuze Eston mawuwo, poti ankati ndi wamatama.

Kuyambira pamenepo Petronella ankalowa ngati MTONGA m'mawa uliwonse jenereta ikalira. Anapanga tebulo la ALIMI, momwe munali alimi a ku Mphamba ndi a ku Kapichila, mudzi ndi mudzi. Anapanganso la MBEWU ndi la MINDA, n'kuwalumikiza ndi nambala ya mlimi, kotero kuti ukafunsa za munthu mmodzi, makina ankatulutsa mudzi wake, kukula kwa munda wake ndi mtedza womwe analandira. Bambo Mtonga ankangolowamo kudzatenga mapepala osindikizidwa. Eston, m'bwalo lake, anapanga tebulo la mafuta a galimoto ndi lina la zigoli za mpira.

Mu Febuluwale 1990 Bambo Mtonga anakwezedwa pantchito n'kusamukira ku Chipata, ku likulu la chigawo. Paphwando lowatsanzika, wapampando wa nthambi ya Chipani anati Lundazi wataya munthu amene anaika alimi onse m'makina. Petronella anaomba nawo m'manja.

Kumayambiriro kwa Marichi kunabwera uthenga woti pulojekiti ichepetsa antchito. Pakompyuta padzatsala munthu mmodzi, ndipo Bambo Cyprian Sakala a ku likulu la chigawo adzabwera kudzaona amene wagwirapo ntchito. Petronella ankasunga ana awiri ndi mayi ake m'nyumba ya pulojekiti. Ntchito ikatha, nyumba nayo ikanatha.

"Musade nkhawa, alongo," anatero Eston. "Makina sanama. Adzanena okha kuti mwini wa zonsezi ndi Mtonga, ndiye adzatichotsa tonse awili n'kumubweza Mtonga."

Petronella sanaseke. Analowa ndi dzina lake, koyamba chichokereni mlangizi, n'kufunsa zomwe zinali m'bwalo la ZIMBA. Munalibe kanthu. Anayesa kuimbira Bambo Mtonga ku positi ofesi, koma lamya ya ku Chipata inali itafa. Anafufuza m'buku la makinawo lamulo losinthira mwini wa tebulo, ndipo sanalipeze. Bukulo linangosonyeza njira yokopera tebulo kuchoka m'bwalo lina kupita m'bwalo lina.

Lachiwiri pa 13 Marichi anachita zimenezo. Analowa ngati MTONGA n'kulola ZIMBA kuona matebulo onse. Kenaka analowa ngati ZIMBA n'kuwakopera limodzi limodzi. Pofika masana bwalo lake linali ndi ALIMI, MBEWU ndi MINDA. Lachitatu mlangizi wa zaulimi anabweretsa mayina a alimi atsopano a ku Kapichila, ndipo Petronella anawalowetsa m'tebulo lake latsopanolo.

Bambo Sakala anafika Lachinayi, fumbi lili m'tsitsi. Anali munthu wosachedwa ndi malonje.

"Monile mose. Tiyeni tione makina."

Analowa ndi dzina la woyang'anira makina onse, lomwe ofesi ya ku Lundazi inalibe, n'kufunsa zinthu zitatu: dzina la tebulo, mwini wake, ndi tsiku lomwe linapangidwa. Petronella sankadziwa kuti makinawo amasunganso tsikulo. Mayankho anatuluka pagalasi. Matebulo a MTONGA anali a 1988 ndi 1989. A KUMWENDA anali a 1989. A ZIMBA onse anali a pa 13 Marichi 1990.

"Komuledi Zimba, munali pa chuti zaka ziwili?"

"Iyayi, bwana."

"Nanga mwagwila bwanji nchito ya zaka ziwili dzana lokhalokha?"

"Matebulo aja ndinapanga ndine. Ndinkalowa ndi dzina la Bambo Mtonga."

"Ndani anakuuzani kutelo?"

"Iwo eni."

Bambo Sakala anatembenukira kwa Eston. Eston anakanda m'mutu.

"N'zoona, bwana. Mdala uja ngakhale poyatsila sankapadziwa. Ankaopa kuti imuluma."

"Mdala ujayo tsopano ndi bwana wanga," anatero Bambo Sakala. "Anakwezedwa chifukwa cha matebulo amenewa. Mufuna ndikalembe kuti boma linakweza munthu wolakwika?"

Bambo Sakala analamula makina kuti asindikize mayina a alimi olandira mbewu ku Kapichila. Pepala litatuluka, analiyerekeza ndi lomwe mlangizi wa zaulimi anabweretsa dzulo lake. Alimi atsopano aja panalibe. Pulogalamu yosindikiza inkawerenga ALIMI wa m'bwalo la MTONGA, pomwe Petronella anawalowetsa mu ALIMI wa m'bwalo la ZIMBA.

"Mwaona?" anatero Bambo Sakala, osakweza mawu. "Tsopano tili ndi alimi pawili, ndipo sagwilizana. Mwina zomwe mwanena n'zoona, mayi. Koma ine ndimalemba zomwe ndingasonyeze. Chomwe ndingasonyeze n'chakuti munalowa ndi dzina la munthu amene kulibe, n'kukopa zake."

Yankho linabwera mwezi usanathe: Eston Kumwenda atsale, Petronella Zimba amalize ntchito pa 30 Marichi. Asanachoke, alowetse alimi a ku Kapichila m'tebulo loyenera, afufute matebulo okopera, ndipo apatse Kumwenda chilolezo chogwiritsa ntchito matebulo a ofesi.

Tsiku lomalizalo anayamba ndi chilolezo. Analowa ngati ZIMBA n'kulamula kuti KUMWENDA aloledwe kuona ndi kusintha ALIMI wa MTONGA. Makina anakana: si mwini wake. Anatuluka, n'kulowa ngati MTONGA, ndipo lamulo lomwelo linadutsa nthawi yomweyo. Analowetsa alimi a ku Kapichila, kenaka anabwerera ku dzina lake n'kufufuta matebulo ake atatu.

Eston anali ataima kumbuyo kwake, manja ali m'matumba.

"A Nyazimba, ine sindinafune kuti zithe choncho."

"Ndikudziwa. Mukufuna mawu achinsinsi a Bambo Mtonga? Tebulo likafuna mzati wina wolembamo zatsopano, chilolezo chanucho sichikwanila."

Eston anasendera pafupi.

"Ndiuzeni," anatero.

Petronella anamuuza, ndipo Eston anawabwereza kawiri. Kenaka mayiyo anazimitsa makina, nawaphimba ndi bulangete, n'kupita ku msika kukafuna makatoni olongezeramo katundu wa m'nyumba.