Umboni wa Amuna Awo

Chaka chimenecho Madamu a sitandade 3 anali atatumiza kale ana asanu ndi mmodzi kwa mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi aamuna onse anayi anali atatumiza mwana mmodzi yekha. Ahedi sankalephera kuzitchula zimenezi pamsonkhano uliwonse.

Wachisanu ndi chiwiri kanali kamtsikana kofatsa kokhala pafupi ndi zenera. Kankakopera za pabolodi mwaukhondo, koma ukati kawerenge zomwe kalembazo, kankangokuyang'ana pakamwa. Madamu anadziwa kuti fomu yawo yotumizira mwanayu payokha siphula kanthu. Choncho anapempha amuna awo, omwe ankaphunzitsa sitandade 6 pasukulu yomweyo, kuti adzadzionere okha.

Bambowo anabwera Lachiwiri, nakhala kumbuyo mpaka belu linalira. Potuluka anapukusa mutu.

"Mwana uyu sadziwa ndi lemba limodzi lomwe, amangojambula. Musadandaule amayi, ndikakuikirani kumbuyo."

Tsiku la komiti yoona mafomu otere, ahedi anainyamula fomuyo ndi zala ziwiri.

"Azimayi inu, mwana akangoyetsemula, fomu! Kumaofesi akundifunsa ngati pano ndi pachipatala." Kenako anatembenukira kwa bambo aja. "Achimwene, paja munakamuona mwanayu. Mukuti bwanji?"

Bambowo anakonza tayi. "Ndi manyazi chabe, bwana. Mayiwa chifundo chimawachulukira. Mwanayu atapeza mphunzitsi wamwamuna achangamuka."

Anthu anaseka. Madamu anawayang'ana amuna awo, koma iwo maso anali pazikhadabo. Fomu ija inalowa m'dirowa.

Poweruka Madamu ndi amuna awo anayendera limodzi mpaka pamphambano.

"Bwenzi mutangonena kuti simunaone bwino," anatero Madamu.

"Amayi, mpando wa wachiwiri kwa ahedi ukutuluka mwezi wamawa. Mumafuna nditsutsane nawo pagulu? Mwanayo tidzamuona chaka chamawa."

Lolemba kamtsikana kaja anakasamutsira m'kalasi la mphunzitsi wamwamuna. Kataika makope m'chikwama, kanaima pakhomo.

"Madamu, ndalakwa chiyani?"

Madamu anangokakonzera kolala.

Mpando uja bambowo anaupezadi. Kunyumba Madamu anapitiriza kuwasitira malaya ndi kuwapatsa moni monga mwa masiku onse. Koma bambowo akafunsa kuti, "Zayenda bwanji kukalasi lero?" iwo ankangoti, "Bwino," n'kulowa kukhitchini.