Komani

Tsiku lomaliza kuwaona akulu anga a Jackson ali moyo, anali atandikweza panjinga kuchoka ku Kambombo mpaka pomwe lole ya ku Lundazi inkaima. Munali mu Januwale, matope ali thoo, ndipo theka la ulendo tinachita kuikankha njingayo. Ndikukwera lole anandiponyera chimanga chowotcha nati, “Ukabwere uli mphunzitsi, ndikaleke kusaina ndi chala.” Ndinaseka, osacheuka kawiri.

Mu Malichi njovu zinalowa m’munda mwawo. Anatsika pansanja ndi chitini chowopsezera, ndipo njovu imodzi sinathawe. Uthenga unandipeza ku koleji ya aphunzitsi ku Fort Jameson maliro ataikidwa kale. Ndinabwerera kumudzi kukakolola zotsala, chifukwa panyumba panali alamu anga a Damaris okha, ali ndi pakati. A ku koleji anandilembera kuti malo anga andisungira mpaka tsiku lotsegulira chaka chatsopano cha sukulu. Ndikapanda kufika, apatsa wina.

Mwana anabadwa kumapeto kwa Julaye, wamwamuna. Kwathu dzina limadikira kuti mchombo ugwe, ndipo bambo akamwalira amalipereka ndi ankhazi, mlongo wa atate athu. Ankhazi athu a Salome anali atalisankha kale. Ankalitchula pamtondo mokweza, kuti a m’chikuta amve.

“Komani,” anatero. “Ndiye dzina lake.”

M’Chisenga, chilankhulo chathu, mawuwa akutanthauza kuti iphani. Ndi dzina lomwe anthu amapereka akatopa ndi maliro, koma limakhala ndi amene likumuloza. Ana awiri oyamba a a Jackson anafa asanayende, kenako a Jackson eni ake. Ankhazi ankati zonsezi zinabwera ndi alamu anga, mkazi wa ku Tembwe uja. Mwanayo akanakula, amayi ake akumuitana m’mawa ndi madzulo ndi mlandu wawo womwe.

Ndinapita kukaima kuseri kwa chikuta, poti mwamuna salowamo.

“Alamu, mwamva?”

“Ndamva. Nkhuku nazo zamva.”

“Inu mukufuna dzina lanji?”

“Ine andifunse ndani? Ndikatsegula pakamwa ati mfiti yayamba kutchula maina.” Mkatimo mwana ankayamwa. “Oyamba aja tinawapatsa maina abwino a kutchalitchi. Mwina loipali lingamusunge.”

“Simukukhulupirira zimenezo.”

“Ayi. Koma ndidzamuitana bwanji kumtsinje, anthu akumva?”

Masiku atatu ndinayenda ndi maina m’mutu. A makolo athu onse anali ndi mwini wake kale. Achizungu a m’mabuku anga ndinkawatchula m’munda, koma onse ankamveka ngati a mwana wa munthu wina. Kenako ndinakumbuka mnzanga wa ku koleji, Mngoni wa kufupi ndi Fort Jameson. Mng’ono wake anabadwa makolo ali pa mkangano, ndipo anamutcha Thulani, kutanthauza kuti khalani chete, lekani phokoso. Ku Kambombo konse kunalibe munthu wa dzina limenelo.

Ndinawapeza ankhazi akusenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pansi chapatali ndi kuwauza.

“Thu chiyani?”

“Thulani, ankhazi. Ndi la Chingoni.”

Anasiya kusenda. “La Chingoni. Agogo ako anagona m’linga zaka zingati pothawa anthu amenewo? Mng’ono wa amayi anga anamutenga ali ndi mtsuko pamutu, mpaka lero. Manje iwe wapita kusukulu kukatitolera dzina lawo?”

“Tanthauzo lake ndi labwino.”

“Tanthauzo lake ndi loti ine nditseke pakamwa. Sindine chitsiru, aphunzitsi.”

Mawu oti aphunzitsi anawakoka ngati ulimbo. Ndinawauza kuti njovu situmidwa ndi munthu, kuti alamu analira mpaka mawu kutha, kuti mwanayo sanalakwire aliyense. Iwo anangoyambiranso kusenda.

“Amene angandilande dzina ndi bambo wa mwana,” anatero. “Bambo wake ali kumanda. Iwe ndiwe mlendo, chikwama chako chili chomanga kale. Ukakwera lole, mwana adzasamba kwa ine, adzadya kwa ine. Ndiye ndimuitane ndi dzina la munthu amene kulibe?”

“Ndine bambo wake wamng’ono.”

“Wamng’ono wa pakalata. Ukafuna kukhala bambo, lowa m’nyumba ya mkulu wako, utenge khasu lake ndi mkazi wake monga mwa mwambo. Ukatero umutche ngakhale Njinga, ine sindiyankhula.”

Ankadziwa zomwe akunena. Ku koleji ya amishoni sakanalandira munthu wolowa chokolo, ndipo ngakhale akanandilandira, munda sulimidwa ndi munthu ali ku Fort Jameson.

Ndinabwerera kuseri kwa chikuta ndi kufotokoza zonse. Alamu anaseka, kuseka kopanda mpweya.

“Iwe Justin? Amene ndinkakuchotsa matekenya kumapazi?”

“Ine ndemwe.”

“Akulu ako anagulitsa mbuzi zonse kuti uphunzire. Usataye zimenezo chifukwa cha dzina. Ndidzazolowera.”

“Mwanayo adzazolowera?”

“Ukakhala, usadzandiyang’ane ngati ndine amene ndinakutsekera sukulu,” anatero. “Nyumba ino ya anthu ondiyang’ana chotero yakwana.”

Ndinalonjeza. Sindikudziwa ngati lonjezolo ndalisunga masiku onse. Nthawi zina ndikamalima ndimawakwiyira a Jackson chifukwa chotsika pansanja paja, kenako ndimachita manyazi.

Mchombo unagwa Loweruka. Lamulungu lole inadutsa, ndipo ndinaimva kulira kwake ndili kumunda. M’mawa mwake amayi a m’mudzi anamutulutsa mwana, atamumeta, nandipatsa m’manja. Anali wopepuka kuposa buku. Ndinamangirira mkanda woyera padzanja lake ndi kutchula dzina loti Thulani katatu kuti onse amve. Ena analiyesa pakamwa, likuwavuta. Ankhazi anayang’ana kumbali, koma sanayankhule, monga ananenera.

Linali tsiku lomwe koleji inkatsegulira. Lolemba, pa 6 Ogasiti 1956.