Pusi Anavala Gawuni Yanga

Ndinalota ndili kuntchito, m'labu momwe timasungamo apusi. Ntchito yanga ndi yotenga magazi ndi mkodzo wa apusiwo n'kuyeza zotsalira za dopamini. Dopamini amapangidwa mu ubongo kuti manja ndi miyendo zizimvera mwini wake. Akatha ntchito amasiya zotsalira, ndiye ife timayeza kuti zikupangika msanga bwanji ndipo zikutuluka msanga bwanji m'thupi.

Koma m'khola la pusi wamkulu munali amuna anga, bambo a Tiyese, atakhala pa makina awo osokera. Manja awo ankanjenjemera monga akhala akuchitira kuyambira chaka chatha. Pusiyo anali kunja, atavala gawuni yanga yoyera.

"Mayi, lero woyeza ndine," anatero mwaulemu.

Anapisa mkono m'kholamo, nawabaya jakisoni pakhosi. M'botolo munagwa kadontho kamodzi. Pusi anakayang'ana pa kuwala, napukusa mutu.

"Moto ukachepa, phulusa nalo limachepa. Ubongo wa bambowa ukuleka kupanga dopamini."

Ndinagwada pa simenti. "Chonde tengani wanga. Tengani yense."

Anandibaya. Mwa ine munatuluka madzi otuwa osaleka. Anadzaza botolo, anasefukira pansi, anafika m'mawondo. Khoma lakumbuyo linatseguka ngati chitseko, ndipo kuseri kwake kunali mtsinje. Madzi anga onse anayamba kuthamangira kumeneko. Ndinawatunga ndi manja, ndi nsapato, ndi pakamwa, n'kumathamangira nawo kukhola.

"Imwani, bambo a Tiyese, imwani!"

"Musavutike, mayi," anatero pusi. "Zimenezo n'zotha kale ntchito. Impso zanu zikungozitaya."

Amuna anga sanayang'ane madziwo. Anatukula singano ndi ulusi, zonse zikugwedezeka.

"Mayi a Tiyese, tandilowetsereni ulusiwu. Diresi ya mkwatibwi sinathe."

Ndinapisa mkono pakati pa zitsulo. Khola linayamba kuyandama, likulowera kumtsinje. Ndinalitsatira madzi ali m'chiuno, kenako m'khosi. Zala zanga zinagunda ulusi, ulusi unaduka.

Ndinadzuka kunja kutayera. Dzanja la amuna anga linali pa chifuwa changa, lili duu, losagwedezeka n'pang'ono pomwe. Limakhala choncho akakhala m'tulo basi. Nthawi yopita kuntchito inakwana, inapitirira. Ine ndinangogona chagada, ndikupuma pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse.