Mgolo wa ku Ndirande

"Avomera! A Thompson, avomera!" Ndinakuwa foni idakali kukhutu, moti mayi wa ku kampani ya inshuwalansi uja anaphulika kuseka. Ndinavina m'khitchini mwathu mumzinda wa Hull, kudziko la azungu kuno, yunifolomu ya unamwino ili m'thupi, nsapato imodzi kuphazi.

Chondivinitsa chinali kamakina koyezera shuga ka mwana wathu Annette. Tinachita kugula tokha, poti masiku amenewo chipatala sichinkapereka kwa aliyense, ndipo tinakalembetsa pa inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba. Pamkono pake tinkamata kachigamba, kamakinako kali m'thumba, ndipo shuga akatsika kankalira. Tsiku lina kanagwa pamasitepe, galasi n'kuda bii. Tinabwerera ku zobaya zala. Aphunzitsi ananeneratu kuti popanda kamakinako Annette sapita nawo ku ulendo wokagona kumapiri ndi anzake a m'kalasi. Mwana analira mpaka kusasa mawu. Ine ndimabaya anthu tsiku lililonse kuntchito, koma ndikaona timadontho takuda kunsonga za zala zake mtima unkandiwawa.

Mayi wa pafoni uja atamaliza kuseka anati patsala chimodzi chokha: titumize kaye kakufako akaone, ndiye atipatsa katsopano.

"A Thompson, kakufa kaja kali kuti?"

Amuna anga anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa yankho. Bambo amenewa sataya kanthu. Ketulo ikapsa, wailesi ikafa, ayironi ikasiya kutentha, zonse amaponya mumgolo wabuluu wotumiza kwa mng'ono wawo Mapopa, wokonza zamagetsi pamsika wa Ndirande. Amati azungu amakwirira zinthu zidakali zamoyo.

"Mgolo anadzatenga a Overtone," anatero chapansipansi. "Ndimati Mapopa akakayese."

A Overtone ndi Mmalawi mnzathu wa ku Middlesbrough amene ankasonkhanitsa migolo ya anthu n'kuitumiza kwathu pa kontena. Ndinawaimbira foni nthawi yomweyo.

"Alamu, kontena tikutseka lero lomwe lino," anatero. "Mukachedwa, mukakatengera ku Beira."

Sukulu inali patchuthi, ndiye tinathamangira m'galimoto tonse atatu. Nsapato inayo ndinavalira m'njira. Ndinawalalatira amuna anga kuchokera ku Hull mpaka malovu kuuma. Ndinawakumbutsa za fani yopanda mapiko, za tochi imene anatola pa siteji ya basi, zonse.

"Daddy, you sent my machine to Malawi?" anafunsa Annette kumbuyo. "Seriously?"

"Iwe, ndikuyendetsa galimoto," anatero bambo ake.

Tinapeza chitseko chimodzi cha kontena atatseka kale. M'katimo munali migolo yabuluu yofanana ngati mazira, ndipo wathu, poti unafika msanga, unali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa sofa ndi firiji ya eni ake. A Overtone anagwira m'mutu. Koma panali amayi awiri amene anabweretsa katundu wawo, a Patuma ndi a Edwina, ndipo atamva kuti n'za mwana anamanga zitenje pamwamba pa majekete.

"Tsitsani, a Overtone, musatiyang'ane ngati alendo," anatero a Patuma. "Sitimayo idikira."

Tinatsitsa sofa, tinakankha firiji, tinagubuduza migolo kunja kukuwaza kamvula. Amuna anga anadula waya wa pachivundikiro, n'kuyamba kutulutsa chuma chawo pamaso pa anthu. Nsapato zosiyana, mafoni opanda mabatani, chowumitsira tsitsi changa chimene ndinkachifunafuna chaka chonse. A Edwina ankaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka bambo aja anatulutsa ketulo, n'kutsegula, n'kusolola sokosi. M'sokosimo munali kamakina kaja, katakulungidwa bwinobwino ngati khanda.

Nthungululu zimene zinalira pamenepo! Mzungu wa pagalaja yoyandikana nayo anatuluka ndi sipanala m'manja, kuyesa kwachitika ngozi. Ine ndinakumbatira aliyense, ndi a Overtone omwe, kupatula mwini mgolo.

"Taonani mmene mwativutitsira," ndinawauza. "Bwanji osangokasiya m'kabati?"

Annette anandikoka dzanja. "Mummy, it wasn't in the cupboard. I threw it in the bin. I was so angry. Daddy took it out."

Mwana anakataya mubini chifukwa chopsa mtima, ndipo pakanapanda wotola zinyalala wangayu, bwenzi kampani ija tilibe choitumizira. Amuna anga anangobweza ketulo yawo mumgolo mwaulemu wonse, akuimba kamluzu.

Katsopano kanafika ulendo uja usanakwane. M'mawa wonyamuka tinaima pageti la sukulu pamodzi ndi makolo ena, ine ndikudumphadumpha ngati ndikupita ndine. Basi itayamba kuyenda, Annette anakwinya mkono wa juzi kutionetsa kachigamba kake, kenaka anagunditsa chikhatho pagalasi, zala zonse zitatambasuka, timadontho tija titayamba kufufutika. Misozi inanditsika.

Nditatembenuka kuti ndiwagwire dzanja a Thompson, ndinapeza dzanjalo lili ndi ntchito kale. Anali atapanira m'khwapa kabokosi kopanda kanthu kamene munabwera kamakina katsopano.

"N'kolimba aka," anandinong'oneza. "Mapopa aziikamo mawaya."