Diso la Mwanaheri

Chaka chomwe nkhondo inafika ku Lunho, Mwanaheri anagwera pamwala akuthawa mfuti, mwana ali kumsana. Mwanayo sanavulale. Koma Mwanaheri atatsitsimuka, diso lake lamanja linali litapendekera kumphuno, ndipo chilichonse ankachiona pawiri. Akati athire madzi mumtsuko, ankathira pansi.

Mwamuna wake, Abeid, anapalasa bwato n'kukafika naye kuchipatala cha Metangula. Wachipatala amene anamupeza, bambo Gervásio, anayendetsa chala uku ndi uku. Disolo linakana kutsatira.

"Mayi, pali ziwiri," anatero a Gervásio. "Mwina fupa linasweka n'kupana mnofu wokoka diso. Zikatero n'zofuna opaleshoni ku Lichinga. Mwinanso mtsempha unangofooka, ndiye mungadikire kwanu."

Abeid anagwetsa nkhope. Ku Lichinga anthu ankapita pakoluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo ena sankafika.

"Ndiye mudziwa bwanji?" anafunsa Mwanaheri.

"Ndidonthezera mankhwala kuti diso lichite dzanzi, kenako ndiligwira ndi kapani aka n'kulitembenuza. Likakana, ndiye kuti lapanidwa."

Abeid ataona kachitsuloko anadzuka. "Iyayi adotolo, mumuboola diso!"

"Khalani pansi, bambo a Pili," anatero Mwanaheri kwa mwamuna wake. "Ana ndisawasiye chabe n'kupita ku Lichinga popanda kudziwa. Ingondigwirani dzanja."

Mankhwalawo anayamba aluma ngati tsabola, kenako zii. Mwanaheri anaona kapani kakubwera, tiwiri, ndipo anafinya dzanja la mwamuna wake mpaka zala kulira. Sanamve kuwawa. Anangoona denga likusuntha pang'onopang'ono kupita mbali.

A Gervásio anapumira m'mwamba. "Layenda lonse, silinapanidwe. Pamsewu uja simupitapo. Muziphimba diso limodzi ndi kansalu, tione mmene mtsempha uchitire. Sindikulonjeza kuti lichira lonse."

Abeid ndi amene analira, osati wodwalayo.

Sanabwererenso ku Lunho. Anakhala kwa achibale ku Chiwanga, Mwanaheri akuyanika usipa ndi diso limodzi, ana akumuseka ndi kansalu kake. Mvula itayamba, tsiku lina anachotsa kansaluko n'kuona mwana wake wamkazi Pili akubwera ndi nkhuni, ali mmodzi yekha. Kumbali yakumanja zinthu zinakhalabe ziwiriziwiri mpaka ukalamba wake, moti wina akamuitana kuchokera kumeneko ankatembenuza mutu wonse, ndipo anthu achilendo ankangoti ndi mayi waulemu kwambiri.