Wotchi ya Dzuwa Yoyenda Chobwerera

Amuna anga anakonza mawotchi kwa zaka makumi anayi, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense n'kumangoti a Mawotchi. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa, ndipo ukalowamo unkalonjeredwa ndi tiki-tiki wa mawotchi makumi atatu onena chinthu chimodzi. Ndinalowa m'banja ndikudziwa kuti ndalowa mitala, mkazi wamkulu ndi wotchi. Ndikachedwa mphindi ziwiri pokonzekera ulendo sankandikalipira ayi. Ankangokweza mkono n'kuyang'ana, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa.

Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga, manja n'kumanjenjemera. Tsiku lina kasikuluu ka wotchi ya kasitomala kanagwa pansi. Anakafufuza chogwada mpaka dzuwa kupendeka, chonsecho kanali pansapato yawo. Anatseka shopu tsiku lomwelo, bokosi la zida n'kulikankhira kunsi kwa bedi. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde dzanja lili patsaya. Munthu amene ankandidzutsa faifi koloko anayamba kundifunsa ine kuti lero ndi lachingati. Ndinkachita mantha, chifukwa ndinkaona munthu akuzima ndikumuyang'ana.

Mwana wathu wamkazi amaphunzitsa pasukulu yapafupi, ndipo bambo ake amamutchula kuti Aphunzitsi, mwina monyadira, mwina monyogodola. Iye ndiye anabwera ndi nzeru.

“Ababa, ahedi akufuna wotchi ya dzuwa pabwalo la sukulu, ija yoti mthunzi wa ndodo uziloza nthawi,” anatero. “Ndi yaikulu ngati thebulo, mulibe kasikuluu ngakhale kamodzi.”

Bambo ake anati, “Chabwino, Aphunzitsi. Koma ndikalephera imeneyonso, bokosi lija mukapatse aliyense wolifuna, ndipo musadzanditchulirenso za wotchi.”

Anafukula buku lakale lakutsidya kwa nyanja limene anawasiyira amene anawaphunzitsa ntchito. M'menemo munali chojambula cha wotchi ya dzuwa: ndodo pakati, thwelofu ayang'ane kumpoto, manambala ayende cha kumanja monga mmene imayendera mivi ya wotchi, kuyambira sikisi wa m'mawa mpaka sikisi wa madzulo. Manambalawo ankangodzaza theka la bwalo, theka linalo lopanda kanthu. Amuna anga anatsatira zonsezo ngati lamulo. Anawaka simenti yozungulira, anaimika ndodo yachitsulo pakati, anapeza kumpoto ndi kampasi, n'kuyamba kupenta manambala akuluakulu akuda. Ine ndinkawagwirira chitini cha penti, mtima uli m'malo poona akuimbanso mluzu.

Koma inali nyengo yozizira, ndipo kwa masabata awiri kumwamba kunangoti bii ndi mitambo.

“Bwanji osadikira dzuwa lituluke, muyese kaye musanapente?” ndinawafunsa.

“Mayi, buku ili ndi lalikulu kuposa inu ndi ine,” anayankha osacheuka n'komwe.

Ndinangopitiriza kuwagwirira chitini. Safunsa anadya phula, koma kuuza mwamuna wako mawu amenewo atagwira bulashi m'manja ndiko kuputa nkhondo.

Dzuwa linatuluka Loweruka, sukulu ili zii. Tinapita atatu, amuna anga atavala jekete ngati akupita kukalandira mendulo. Titafika inali naini koloko. Ndinayang'ana pa nambala naini, panalibe kanthu. Mthunzi wa ndodo unali utagona mbali inayo, ya kummwera, pa theka lopanda manambala lija.

“Tidikire,” anatero amuna anga, mawu ali ouma.

Anaika kamwala pamene panathera mthunziwo. Tinadikira ola lathunthu. Itakwana teni, mthunzi unali utachoka pakamwala paja, koma unali utayenda chobwerera, mosemphana ndi mivi ya wotchi iliyonse imene munthu ameneyu anagwirapo chibadwire. Anayezanso kampasi, anagwedeza ndodo kuona ngati yapendama, anabweretsa buku pafupi ndi mphuno. Zonse zinali m'malo mwake. Anakhala pansi pa simentipo ndi jekete lawo labwino lija.

“Ndatha ine,” anatero. “Ngakhale ndodo yokha yandikanika.”

Mtima wanga unasweka, komanso ndinapsa mtima, sindikudziwa kuti ndi dzuwa kapena ndi buku. Ndinayang'ana mwana wanga kuti anene kanthu, koma iye anali akuyang'ana kumwamba atatsinzina diso limodzi. Mwadzidzidzi anathamangira m'kalasi, n'kutuluka atanyamula mpira wa dziko lapansi uja amaphunzitsira ana, misomali iwiri ndi kachidutswa ka sopo.

“Ababa, zimenezi ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, koma mutu wanga sunazilumikize ndi ndodo yanuyi. Pepani. Taonani kuno.”

Anamata msomali umodzi ndi sopo kumtunda kwa mzere wogawa dziko pakati. “Uwu waima kumene kunalembedwa buku lanu.” Wina anaumata kumunsi kwa mzerewo. “Uwu ndi ife.” Anapendeketsa mpirawo kuti dzuwa liwombe pamzere wapakati, ndipo msomali uliwonse unatulutsa kamthunzi kake. Wakumtunda kamthunzi kanaloza kumtunda, wakumunsi kanaloza kumunsi.

“Anthu awa akaima masana, dzuwa limawadutsa cha kummwera, mthunzi n'kugwera kumpoto. Ife lero likutidutsa cha kumpoto, ndiye mthunzi uthawira kuti? Tsopano dziko lizungulire.”

Amuna anga anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kagalasi kawo kokulitsa zinthu. Ine ndinkayesa kuti kali m'bokosi kunsi kwa bedi, kani ankayenda nako miyezi yonseyi. Anakaika padiso, anawerama, mwana n'kuyamba kuzunguza mpira pang'onopang'ono. Nanenso ndinasuzumira. Timithunzi tiwiri tija tinayamba kuyenda. Kakumtunda kanazungulira msomali wake monga muvi wa wotchi. Kakumunsi kanazungulira chobwerera, ndendende ngati mthunzi wa ndodo yathu. Dzuwa limodzi, mpira umodzi, dzanja lozunguza limodzi, koma timithunzi tikusemphana.

“Bwerezanso,” anatero bambo ake. Mwana anabwereza. “Bwerezanso.” Kachitatu anachotsa kagalasi padiso, n'kuyang'ana wotchi ya pamkono pawo ngati akuiona koyamba.

“Aphunzitsi, wotchi ya dzuwa ndi wotchi ya mivi, inayamba ndi iti?”

“Ya dzuwa, ababa. Kalekale kwambiri.”

“Ndipo ya mivi anaipanga anthu a msomali wakumtundawu?”

“Eya.”

“Ndiye kuti...” anatero amuna anga. “Ndiye kuti munthu amene anapanga mivi yoyamba sanaganize n'komwe. Anangosuzumira pawindo, n'kuona mmene mthunzi ukuyendera pabwalo pake, n'kuuza muvi kuti iwenso uziyenda choncho.”

“Akatswiri ambiri amatero,” anayankha mwana.

“Akanakhala kuti anabadwira kuno, bwenzi mawotchi onse a padziko akuyenda chobwerera?”

“Mwina bwenzi tikuti chobwerera ndi chinacho.”

Amuna anga anaseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala, mpaka misozi kulengeza. “Mayi, mwamva? Zaka makumi anayi! Wotchi iliyonse imene ndinatsegula, m'kati mwake munali mthunzi wa pabwalo la munthu amene sindinamuonepo, amene anafa makolo a makolo athu asanabadwe. Ine kumathira mafuta, kumapukuta, osadziwa kuti ndikusamalira mthunzi wa eni ake.”

Ndinayang'ana kawotchi kanga ka pamkono, kamene amuna anga anandipatsa tisanakwatirane. Kamuvi kake kankathamanga monga mwa masiku onse, koma ndinachita nako ulemu. Kenako ndinayang'ana pansi pamene ndinaima, n'kukumbukira dzanja la mwana wanga likuzunguza mpira uja. Ndinamva ngati bwalo lonse la sukulu, makalasi ndi mitengo yomwe, zikuyenda nane mwakachetechete, ndipo ndinagwira phewa la amuna anga kuti ndisagwe.

“Nanga buku lija ndi lalikulu kuposa ndani?” ndinawafunsa, chifukwa mwayi wotere subwera kawiri.

“Bukulo silinaname, mayi. Linangonena za kwawo. Wolakwa ndine amene sindinafunse dzuwa la kwathu.”

Lolemba anafufuta manambala onse ndi penti yoyera. Mwana anawachenjeza kuti njira ya dzuwa imasuntha ndi nyengo, ndipo kuti wotchiyo isadzasokonekere m'chilimwe ndodo iyenera kupendekera kummwera. Amuna anga anakoka bokosi lija kuchokera kunsi kwa bedi okha, popanda wowauza, n'kutengamo choyezera ngodya. Ataweramitsa ndodo monga anawerengera ndi mwana wawo, anakhala pampando pafupi nayo tsiku lathunthu, chipewa kumutu, wotchi m'manja. Ola likakwana ankalemba chizindikiro pamene mthunzi wafika. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Manambala atsopano anawapenta kumbali ya kummwera, akuyenda chobwerera, ndipo dzanja lawo lonjenjemera lija linalemba sikisi wokhota pang'ono amene anakana kumukonza.

Tsiku limene penti inauma anandidzutsa faifi koloko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lathu sindinadandaule. Tinakaima pabwalo paja m'mawa kukuzizira, iwo atakweza mkono monga kale. Muvi wa wotchi yawo utagunda seveni, mthunzi unagona pa seveni, wina atafika kuchokera uku, wina kuchokera uko.

“Iyi ndiye wotchi yokhayo imene ndapanga ndekha,” anatero chapansipansi. “Zina zonse ndinkangokonza za eni. Ndipo iyi sidzasowa wokonza, mayi. Ine ndikadzapita, izidzayendabe.”

“Mupite kuti?” ndinawakalipira. “Ana alowa m'kalasi posachedwa, ndipo afunsa chifukwa chake wotchi yanu ikuyenda chobwerera. Muwayankha ndinu, ine ayi.”

Anakonza kolala ya jekete, n'kundifunsa ngati mwana wasiya misomali ija m'kalasi.